Halvor Myren, Msodzi Amene Anakana Kubisa Mbalame Yakufa

Malemu a Halvor Myren, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Malichi 1951 kwathu konkuno ku Petersburg, ku Alaska. Anali oyamba mwa ana aamuna awiri. Atamaliza sekondale mu 1969, analowa m'boti la bambo awo, lopha nsomba ndi zingwe zazitali za mbedza zikwizikwi.

Mu 1974 anamanga banja ndi mayi Darlene, amene ankagwira ntchito pafakitale yoika nsomba m'zitini.

Mu Meyi 1996, pokoka chingwe, malemu anavuula mbalame yaikulu ya m'nyanja yotchedwa alibatirosi itafa. Inameza mbedza pothamangira nyambo. Inali ya mtundu wotsala pang'ono kutha, ndipo asodzi tonse tinkadziwa kuti zikafa zingapo, boma litseka usodzi. Ang'ono awo, a Gunnar, anawachonderera kuti aiponye m'madzi poti panalibe waona. Malemu anakana, nakaipereka kwa aboma. Anzawo anawafulatira, ndipo a Gunnar anatsika m'botimo, osapondanso pakhomo pa malemu zaka zinayi. Ndanena izi atandiloleza eni ake.

Malemu sanasungire munthu chakukhosi. Anayamba kuyesa zingwe zolendewera timaliboni tofiira kumbuyo kwa boti, kuti mbalame ziziopa mpaka nyambo itamira. Osoka timaliboniti anali mayi Darlene. Padoko anthu ankawakuwiza kuti, "A Halvor, mukukwatitsa ndani lero?" Iwo ankangovula chipewa n'kuliza injini.

Patapita zaka zitatu, boti lawo linali litaleka kupha mbalame, nyambonso zitaleka kubedwa. Oseka aja anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzafunsa kamangidwe ka zingwezo, ndipo malemu ankawaphunzitsa osawakumbutsa zakale. Mu 2011 bungwe lathu la asodzi linawalemekeza ndi mendulo chifukwa chopulumutsa mbalame za m'nyanja. Amene anapempha kuti awaveke anali a Gunnar.

Mu Okutobala 2023 anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Anakalandira thandizo ku Seattle, koma ataona kuti mphamvu zikutha anapempha kubwerera kwawo. Anatisiya Lachiwiri pa 16 Epulo 2024, ali ndi zaka 73.

Asiya mayi Darlene, a Gunnar, ana awiri, a Sonja ndi a Erling, komanso zidzukulu zisanu. Banja likuthokoza anamwino amene ankawayendera kunyumba, amayi a mpingo, ndi inu asodzi amene mwasiya nsomba m'nyanja nyengo ili pachimake kuti mudzanyamule mnzanu.

Malemu anatilamula kuti boti lisagone padoko chifukwa cha iwo. Choncho Lolemba m'mawa mukaliona likutuluka, musadabwe. Pachiwongolero padzakhala mwana wawo, a Sonja.

Mwagwira ntchito, bambo. Mzimu wanu uuse mumtendere.