Chibwano cha Apongozi

M'chipinda chodikirira cha dokotala wowongola mano munali mipando yapulasitiki, thanki la tinsomba tofiira, ndi chithunzi chachikulu cha m'kamwa mwa munthu pakhoma. Pakona panakhala mkamwini, munthu woyesa masikelo m'masitolo, amene mawu aliwonse ankawalandira monga momwe anenedwera, pamodzi ndi apongozi ake aamuna, dalaivala wa basi wopuma pantchito, amene anawabweretsa pagalimoto yawo akung'ung'udza njira yonse. Mwana wa mkamwiniyo ndi mayi ake anali atalowa kale kwa dokotala.

"Ndikufunsabe ine," anatero apongozi, akuzunguza makiyi pachala. "Mdzukulu wangayu akudwala chiyani?"

"Sakudwala, bambo."

"Dzino likumupweteka?"

"Ayi."

"Nanga tadzatani kuchipatala ndi munthu wabwinobwino?"

"Tadzamuonetsa."

"Kumuonetsa? Ndi galimoto yogulitsa kodi?"

"Ayi, bambo, sitikumugulitsa."

Apongozi anamuyang'ana cham'mbali kuti aone ngati akuwaseka. Sankawaseka. Mkamwini ankawalemekeza kwambiri akuluwa, ndipo kwa iye ulemu unali kuyankha funso lililonse molondola. Choncho anafotokozanso zimene anafotokoza kale m'galimoto: kuti dokotala amene amamuona mwanayo mano nthawi zonse ndi amene anati mwana akafika zaka zisanu ndi ziwiri ndi bwino akaonedwe ndi katswiri wowongola mano, chifukwa apa n'kuti mano achikulire atayamba kutuluka koma nsagwada zikukulabe.

"Zisanu ndi ziwiri," anatero apongozi. "Asankhe chimodzi. Zisanu kapena ziwiri?"

"Mumaphatikiza, bambo."

"Ndimadziwa kuphatikiza."

"Ndiye mwapeza zingati?"

Apongozi anatsokomola n'kuyang'ana nsomba. Kenaka anayamba za basi, monga ankachitira nkhani ikawakulira. Anati mano aubwana ali ngati apaulendo otsikira pa siteji yoyamba, sulimbana nawo kuti akhale bwino, poti atsika pompano. Oyenera kuwasamala ndi okafika kumapeto kwa ulendo.

"Mano sakwera basi, bambo. Koma laubwana likaguluka, pamalopo pamabwera lalikulu. Dokotala akufuna aone ngati malo akwanire."

"Malo amapezeka. Anthu amasunthirana."

"Mano akasunthirana ndiye kupindikako."

"Akamwini, mumapupuluma. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Wa maso ali m'chipinda chapansi, bambo. Ife tabwerera mano."

Mayi wina amene anakhala moyang'anana nawo anakweza nyuzipepala mpaka kubisa nkhope. Nyuzipepalayo inkanjenjemera.

Apongozi anatsitsa mawu. Anati iwo akudziwa zimene zikuchitika kuseri kwa chitsekocho: mwana amumanga mawaya m'kamwa ngati khola la nkhuku, azilephera kutafuna nyama, aonde, anthu aziti m'banjamo mulibe chakudya. Mkamwini anayankha kuti lero palibe za mawaya, dokotala angoyang'ana basi.

"Kuyang'ana ndayang'ana kale ine kunyumba. Mano alimo."

"Alimo, koma apansi amatsogola."

"Amatsogola kupita kuti?"

"Sapita kulikonse. Amatere."

Mkamwini anakankhira chibwano kutsogolo mpaka mano apansi anaphimba apamwamba, n'kutembenukira kwa apongozi kuti aone bwino. Anakhala choncho akudikira kuti amuuze kuti aona.

"Bwezani chibwanocho, anthu akuona."

Anachibweza.

"Ndiye zimenezo wazitenga kuti mwanayu?"

"Dokotala uja anati nthawi zambiri zimakhala zakumtundu."

"Eya, ndiye n'zakwanu."

"Kwathu ndafufuza, bambo. Ndinatulutsa zithunzi zonse za paukwati. Palibe."

Makiyi anasiya kuzungulira. Mkamwini anamva kuti mpweya wasintha, koma sanadziwe kuti walakwitsa pati, poti zonse zimene ananena zinali zoona.

"Mukufuna kunena chiyani?"

"Sindikufuna kunena. Mwafunsa ndinu."

"Nenani."

"Chibwano ndi chanu, bambo."

Apongozi anadzigwira chibwano ngati wina akufuna kuwalanda. Anati chibwano chimenecho chinalera ana onse m'nyumba mwawo, chinafunsira mbeta n'kuloledwa tsiku lomwelo, ndipo chinayendetsa basi moyo wonse osagunda ngakhale mbuzi.

"Basi mumayendetsa ndi manja."

"Palibe munthu anadandaulapo nacho."

"Mayi anati kudepoti ankakutchulani Bampala, ati chili ngati chitsulo chakutsogolo kwa basi."

"Anakuuzani zimenezo apongozi anu aakaziwo?"

"Patebulo, inu mutapita kukasamba m'manja."

Apa apongozi anadzambatuka. Anati basi zakwana, akulowa kukamutenga mdzukulu wawo dokotala asanamutulutsire pulayala. Mkamwini naye anaimirira, chifukwa sakanakhala pansi wamkulu ali chilili, ndipo mwangozi anapezeka waima pakati pa apongozi ndi chitseko. Apongozi atapita kumanja, iye anawapatsa njira popita mbali yomweyo. Atapita kumanzere, chimodzimodzi.

"Mukundiletsa?"

"Ndikukupatsani njira, bambo."

"Ndiye imani malo amodzi."

Anaima malo amodzi, pakhomo penipeni. Ndipo ali pomwepo ananena chimene mkazi wake anamuuza kuti asawauze akuluwa pokhapokha akafunsa. Sanafunse, koma mkamwini anaona kuti munthu wofuna kuthyola chitseko wafunsa ndithu. Anati kusukulu anzake amutcha mwanayo Dilowa, ati kukamwa kwake kuli ngati dilowa ya kabati yosatseka bwino. Masiku ano akamaseka amaphimba pakamwa ndi dzanja. Pachithunzi cha kalasi ana onse akumwetulira, iye yekha wafumbata milomo ngati wamwa mankhwala owawa.

Apongozi anabwerera pampando pang'onopang'ono.

"Kunyumba amaseka bwinobwino," anatero chapansipansi.

"Amaseka mukakhalapo inu. Amati iye ndi agogo ndi ofanana."

Akuluwo anatulutsa mpango n'kumina mwamphamvu, ngakhale analibe chimfine.

"Ana amenewo ndi a ndani?"

"A makolo awo."

"Akamwini, tsiku lina ndidzakumenyani."

"Liti, bambo?"

Asanayankhe, chitseko chinatseguka. Mwana anatuluka akudumphadumpha, atanyamula mswachi watsopano wobiriwira umene anamupatsa, n'kuthamangira pamiyendo ya agogo ake. M'kamwa munalibe waya ngakhale umodzi. Mayi ake anafotokoza kuti dokotala wayang'ana bwino, wajambula nsagwada, ndipo wati achita bwino kubwera msanga kuti adziwe poyambira. Koma pakali pano sachita kanthu. Mano akutsogolo akumwamba sanamalize kutuluka, ndiye awasiye kaye atuluke, adzabwerenso pakatha miyezi ingapo kuti aone mmene nsagwada zikukulira, ndipo ngati padzafunike chothandizira adzachiyamba pamenepo.

Mkamwini anamvetsera mpaka kumapeto, anaziyesa m'mutu monga amayesera sikelo, ndipo anaona kuti chilungamo chiyenera kupita kwa mwini wake. Anatembenukira kwa apongozi n'kuwerama pang'ono.

"Munanena zoona, bambo. Dokotala wagwirizana nanu. Akuti tidikire."

"Wati chiyani?"

"Tidikire."

"Osamuika kalikonse?"

"Kalikonse."

"Ngakhale kawaya kamodzi?"

"Wamupatsa mswachi."

Apongozi anayang'ana mdzukulu wawo, amene ankawasekerera kukamwa konse kuli pamtunda, anayang'ana chitseko cha dokotala, n'kuimirira makiyi ali m'manja.

"Waulesi dokotala ameneyu. Mtengo amauwongola ukadali waung'ono, sadziwa zimenezo? Inunso akamwini, mwana wafika msinkhu uwu muli phee, munkadikira chiyani? Tiyeni, tikafune wina."