Wotchi Pamwamba pa Chithunzi cha Pulezidenti

Zikomo pondiwerengera kalatayi. Ndine mayi wachikulire, ndimasamalira okalamba ku Wakefield, kuno ku Mangalande.

Mwezi watha tinalandira agogo ena achizungu omwe ankagwira ntchito kwa kazembe wawo ku Zomba titangolandira ufulu. M'chipinda mwawo anapachika chithunzi chawo akugwirana chanza ndi pulezidenti wa nthawiyo, ndipo pamwamba pake panali wotchi. Ndisanaganize n'komwe, ndinakwera pampando n'kuitsitsa.

"Mukutani, mwanangu?" anandifunsa m'Chichewa.

Ndinawauza kuti masiku amenewo sikunkaloledwa kuika chinthu pamwamba pa chithunzi cha pulezidenti. Bambo anga anapachikapo wotchi m'golosale yawo, anyamata achipani n'kudzawatenga. Anabwerako patatha zaka ziwiri, alibe mano akutsogolo.

Agogowo anayang'ana pulezidenti pachithunzi chija. "Ife tinkangomwa naye tiyi," anatero. "Tinkamva, koma sitinkafunsa."

Kenaka anandipempha mwaulemu kuti ndiibwezere pamalo pake. Ndinatero, ndi manja angawa.

Omvera anzanga, pulezidentiyo anamwalira kalekale, koma mantha ake ndinakwera nawo ndege. Lero m'mawa uliwonse ndimaona nthawi pa wotchi ija, pamwamba pa mutu wake, ndipo palibe amabwera kudzanditenga.