Ndinkathamangitsa Mkamwini, Chifuwa Chili Changa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Limbuli ndi kwina konse. Ndine Namakhwa, kapitawo wakale wa kumunda wa tiyi, uja ndikayambitsa nyimbo m'tchalitchi amathimitsa chimkuzamawu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, ndiye mawu akapotoka musaseke, mverani nkhani.

Esinati, mwana wa mlongo wanga, anakhala pabanja zaka zisanu popanda mwana. Ine ndiye mwinimbumba. Kwathu akazi amabereka, amayi ake okha anabereka asanu ndi atatu, ndiye ndinagamula ndekha kuti vuto ndi mkamwini, Laisoni, munthu wofatsa mokwiyitsa. Munda tinamupatsa, malo omangapo tinamupatsa, iye watipatsa chiyani? Ndinamutchula gojo pamaliro anthu akumva. Kawiri konse ndinaitanitsa ankhoswe kuti anyamule khasu lake azipita kwawo. Esinati ankangolira, akuonda, m'mimba mukupweteka, kumwezi kosalongosoka. Ndinasala kudya, koma pemphero langa linali limodzi: Ambuye, chotsani munthu uyu pamudzi!

Mulungu anayankha, koma mondivula chipewa. Mayi wina wa Mvano, namwino wopuma, anandiimika pakhomo la tchalitchi. "Akapitawo, m'nyumba mwanu muja anakhosomolapo ndani nthawi yaitali?"

Ndinapsa mtima. Chifuwa ndi mimba zikukumana pati? Koma ndinakumbukira. Mkazi wanga atamwalira ndinadwala TB, ndipo Esinati, akadali namwali, ndiye ankandiphikira n'kumataya chitini cha makhololo. Mankhwala ndinamwa miyezi iwiri, nditamva mphamvu ndinawataya m'chimbudzi ati ine ndine mwamuna. Ndinagwanso, n'kukayambiranso.

Namwino uja atawalangiza kuti akayezetse, Laisoni yemwe uja anamukweza mkazi wake panjinga mpaka kuchipatala, kenaka pa minibasi mpaka ku Blantyre. Adokotala anapeza kuti TB inabisala m'njira zodutsa mazira, munthu osakhosomola n'kamodzi komwe. Njira imodzi inatsekekeratu, inayo anati salonjeza. Laisoni naye atamuyeza, anapeza kuti alibe vuto lililonse. Abale, ndinakhala masiku atatu osakweza mawu, anthu ankayesa ndadwala.

Kenaka adokotala anati Esinati akhale miyezi isanu ndi umodzi akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, za mimba zidikire kaye mpaka amalize n'kumuonanso. Kudikiranso! Zaka zisanu sizinakwane? Ndinatopa nazo, koma amene anataya mankhwala m'chimbudzi angalankhule chiyani? Ndinasanduka kapitawo wa mapiritsi. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo pake mpaka ameze ndikuona.

Anamaliza. Chaka china chinatha kuli zii, mpaka ndinafunsa Mulungu ngati amamva anthu a mawu aang'ono okha. Mvula itayamba, Esinati anaima. Lero kuli mwana wamkazi.

Popeza Laisoni ndinamunyoza pagulu, ndinapepesanso pagulu. Ndinapita kunyumba kwake ndi ankhoswe omwe aja, n'kufuula kuti mudzi wonse umve kuti wolakwa ndine. Laisoni anatuluka, nati, "Zamveka malume, koma tsitsani mawu, mwana wagona."

Ambuye alemekezeke, amene sanamvere pemphero langa lopusa lija. Inu amene mukudikira mwana, musataye mtima, pitani nonse awiri mukayezetse musanaloze munthu chala. Ndipo mukapatsidwa mankhwala a TB, malizani! Ndanena ndine Namakhwa, motsitsa mawu. Amen.