Omasulira Amene Anasowa Wowamasulira

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1968, ndipo anali oyamba m'banja la ana anayi. Ine amene ndaima pano ndine mlongo wawo, wachitatu kubadwa, uja wa shopu ya zitsulo. Abale, anansi, akuluakulu ampingo ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatikhuza, banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya achemwali athu. Kukadakhala kothawira ndikadathawa, chifukwa mbiriyi ili ndi malo amene akutichititsa manyazi tonse a pabanja pathu.

Mwana wa malemu ndi uyo wakhala kutsogoloyo, amene timamutchula kuti Kachikwama. Chichewa sachimva, ndipo zimene ndikunenazi akumunong'oneza m'Chingerezi ndi mwana wanga, mphunzitsi uja. Kachikwama anatifunsa funso limodzi mayi ake akadali moyo. Ankafuna kudziwa zimene mayi akewo ankamuuza ali pabedi la chipatala. Mpaka lero sanayankhidwe. Ndinamulonjeza dzulo kuti ndisanakhale pansi ndimuyankha, nonsenu mukumva.

Malemu anayamba sukulu ya pulayimale mu 1974. Bambo athu anali dalaivala wa malole opita kutali, ndipo akabwera ndi zitini, ife tinkathamangira za m'kati pomwe achemwali ankathamangira zolembedwa kunja. Ankafuna kudziwa kuti chilembo chilichonse chikuti chiyani, mpaka bambo ankanamizira tulo kuti apume. Pakhomo tinawapatsa dzina loti a Mafunso. Tikawaseka sankakwiya, ankangotikumbutsa kuti safunsa adadya phula.

Mu 1982 anasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo mu 1986 anapita ku koleji komwe anaphunzira Chingerezi ndi Chifalansa. Atamaliza mu 1990 anaphunzitsa kwa zaka zinayi. Mu 1994 anthu ena okumba mijigo anasowa munthu woti awamasulire kabuku ka kakonzedwe ka pampu. Achemwali anakamasulira, ndipo amakaniko amene kale ankangoyang'ana zithunzi anayamba kuwerenga. Chaka chomwecho anasiya choko, ife tikuwauza kuti munthu wanzeru sasiya ntchito ya penshoni.

Mu 1996 anakwatiwa ndi alamu athu, katswiri wa mapampu wochokera kudziko lina, ndipo anasamukira kunja. Kachikwama anabadwa mu 1998. Alamu athu anatisiya mu 2006, koma achemwali sanabwerere, chifukwa ntchito yawo inali itawazolowera kumeneko.

Ntchitoyo ndiifotokoze, popeza ambiri a ife sitinkaimvetsa. Analibe ofesi, analibe bwana mmodzi. Makampani omasulira ankawatumizira ntchito pa kompyuta, n'kuwauza tsiku loti ikhale itatha. Anamasulira timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, malangizo a pa matumba a feteleza, ndi mawu aja amayenda m'munsi mwa kanema. Nthawi zina foni inkalira kuti kuchipatala kapena kukhoti kwinakwake kuli munthu wolankhula Chichewa amene sakumvana ndi dokotala kapena woweruza. Ankazimitsa moto pa mphika, kuvala mahedifoni, n'kukhala pakamwa pa munthu amene sadzamuona nkhope.

Anakhala m'mayiko anayi. Ife kunyumba sitinkavutika ndi mayina ake enieni, tinkawatchula ndi zimene iwo ankadandaula. Kwa Fumbi anakhalako kuyambira 1996, m'chipinda cha pamwamba pa shopu yomata matayala, ndipo ntchito ya pa foni ankakagwirira m'bafa chifukwa ndimo munalibe phokoso. Mu 2007 anapita kwa Mvula, kumene madikishonale awo anachita nkhungu. Mu 2012 anasamukira kwa Masitepe, nyumba ya pamwamba penipeni yopanda chikepe, komwe ankati munthu ukaiwala kugula mchere umangodya ndiwo zosakolera. Mu 2018 anafika kwa Chisanu. Chilolezo chokhalira m'dziko chikatha, kapena sukulu ya mwana ikavuta, ankalongedza. Chimene sichinkasintha ndi katebulo kopinda ka mwendo umodzi waufupi, kamene ankakachirikiza ndi chikatoni kuti kasagwedere. Mwana anakulira pakati pa zikwama, n'chifukwa chake dzinalo.

Mwanayo anaphunzira zilankhulo za kusukulu zonse zimene anadutsamo, koma cha mayi ake ayi. Achemwali ankanena okha moseka kuti woumba mbiya amaphikira m'phale. Ankati Chichewa achigulitsa tsiku lonse, ndiye pofika madzulo cha pakhomo chatha. Nthawi zonse ankalonjeza kuti ayamba kumuphunzitsa akangomaliza ntchito imene ili patebulo.

Munthu wokhala kutali mawu amamuthawa. Mayi athu akadali moyo ndiwo anali dikishonale ya achemwali. Foni ikalira, mayi ankapukuta m'manja, kukhala pansi bwinobwino ngati kwabwera alendo, n'kuyamba kufotokoza kusiyana kwa kupweteka, kuwawa ndi kulasa. Mayi atamwalira mu 2016, achemwali anatsegula gulu la pa foni la ife abale awo, alamu ndi ana athu, n'kulitcha dzina loti Safunsa. Ankatumizamo timawu tojambulidwa ta m'makanema amene ankamasulira, mawu a nkhalamba, a odwala, a anthu olankhula mwachinunu, ndipo pansi pake ankalemba kuti apa akuti chiyani.

Poyamba tinkapikisana kuyankha. Kenaka tinatopa. Mafunso ankabwera ine ndikuyeza misomali pa sikelo, wina ali m'kalasi, wina akuyendetsa galimoto. Mmodzimmodzi tinalitseka pakamwa gululo kuti lisamalire, ndipo tinazolowera kuyankha Loweruka, kapena Loweruka linalo. Tinkachita kuuzana moseka kuti a Mafunso ayambanso, aliyense abisale. Iwo sanadandaulepo. Ukawayankha patapita sabata, ankathokoza ngati wayankha pompo, ngakhale ntchitoyo anatumiza kale.

Pa 2 Okutobala 2023 masana, malemu anagwa pa katebulo kawo kaja, mahedifoni ali m'makutu. Kachikwama anawapeza pochokera kuntchito ndipo anathamangira nawo kuchipatala, komwe anati ndi sitiroko. Atatsitsimuka, dzanja lamanja linali litafa, pakamwa patapotoka, ndipo zilankhulo zonse zimene anaziphunzira kusukulu zinali zitawachokera. Chinatsala ndi chimodzi chokha, chija anayamwira.

Madokotala sanamve kanthu, mwana sanamve kanthu. Achipatala anachita monga amachitira nthawi zonse, anaimbira kampani yomasulira kuti iwapezere munthu wa Chichewa. Posakhalitsa foni inalira m'kachikwama ka m'manja ka achemwali, pambali pa bedi pomwepo. Mwana ataiyankha anamva munthu wa kukampani akunena mwaulemu kuti pali ntchito yachangu, mayi wina wolankhula Chichewa wagonekedwa ndipo palibe akumumva. Pa anthu onse a kampaniyo, wa Chichewa anali mmodzi yekha, ndipo ndi amene anali pabedipo.

Mwanayo sanataye mtima. Anali ataona kwa zaka zambiri mmene mayi ake ankachitira akasowa tanthauzo. Anatsegula foniyo, napeza gulu lathu, najambula mawu a mayi ake, natumiza. Pansi pake anakopera mawu omwe aja amene mayi ake ankalemba nthawi zonse, poganiza kuti ndiwo amatidzutsa msanga.

Apa ndi pamene pali manyazi athu. Ine ndinaona kuti uthenga wafika. Ndinatsegula kamodzi, ndinamva mawu a mayi wolankhula mokoka lilime, ndipo ndinati ndi nkhalamba ina ya m'kanema. Mawu a achemwali anga, amene anandibereka kumsana, sindinawazindikire. Ndinabweza foni m'thumba n'kupitiriza kudula waya. Mwana anatumizanso ena, analembanso m'Chingerezi kuti mayi ali m'chipatala, koma zonsezo zinkagwera m'gulu lotsekedwa pakamwa. Anaimba, ndipo ndinaona dzina la achemwali likuwala pa kauntala. Ndinati mafunso aja atsatira, ndiimba Loweruka. Pagulupo tilipo akuluakulu okhaokha, ena ndi madigiri awo, ndipo aliyense ankaganiza kuti mnzake ayankha.

Achipatala anapitiriza kufunafuna munthu wina, koma amene anapezeka anali woti abwera sabata yotsatira. Malemu anatisiya pa 6 Okutobala 2023, Lachisanu, ali ndi zaka 55. Loweruka ndinaimbadi monga ndinanenera, ndipo anayankha ndi mwana.

Timakonda kunena kuti chibale ndi fupa sichiola. Ife fupalo tinalisiya m'thumba la buluku. Sindikunena izi kuti mutimvere chisoni, ndipo sindikuloza wina chala, pakuti woyamba kutsegula n'kutseka ndine. Madzi akatayika saoleka. Chimene chatsala m'manja mwathu ndi yankho, ndipo popeza mwanayu tinamunyalanyaza pagulu, tiyenera kumuyankha pagulu.

Mphunzitsi, mwana wanga, apa umasulire pang'onopang'ono, usadumphe kanthu, ngakhale pamene pakundinyoza ine.

Kachikwama, mwana wa achemwali anga, unandiuza dzulo chimene chakhala chikukudya. Unati mayi ako ankakweza mawu, akuloza kukhomo ndi dzanja lamoyo lija, ndipo iwe unaganiza kuti akukuthamangitsa. Unaganiza kuti akukukalipira chifukwa sunaphunzire chilankhulo chawo. Mawu onse amene unatumiza ndawamvera, mobwerezabwereza, ndipo mulibemo mawu amodzi okukalipira.

M'mawu oyamba ankati phazi lawo lazizira, uwafunditse. Unandiuza kuti unawafunditsadi osamva n'komwe, choncho pamenepo usadziimbe mlandu. M'mawu achiwiri ankakufunsa ngati wadya, ndipo ankati jekete wavalalo ndi lopyapyala. M'mawu ena ankada nkhawa ndi ntchito ya timapepala ta mankhwala imene anaisiya pakati, kuti wina awauze eni ake asadikire. Ndiwo mayi ako amenewo.

Pamene ankaloza kukhomo paja sankakuthamangitsa. Ankati utuluke panja pomwe foni imagwira bwino, ukawaimbire amalume ako a shopu ya zitsulo. Ankati usaope, suli wekha, uli ndi anthu. Ndipo ananena kawiri konse kuti mlongo wawo amachedwa, koma amayankha.

Ndachedwa, mwana wanga. Amene ankandidikira sanandimve. Koma iwe ulipo, ndipo banja lagwirizana kuti gulu lija silitsekedwa. Lero m'mawa aliyense walitsegula pakamwa ine ndikuona. Kumene ukakhale, kaya kwa Chisanu kaya kudziko lachisanu limene mayi ako sanafikeko, ukafuna mawu utumize. Tiyambira pa amene anakuuza aja, kuti udzawamve wekha popanda wokunong'oneza.

Malemu asiya mwana mmodzi, alongo awiri, mng'ono wawo mmodzi, alamu, ndi ana a abale awo asanu ndi awiri. Asiyanso anthu ambiri amene anamwa mankhwala moyenera, kapena anamveka pamaso pa woweruza, osadziwa kuti anawathandiza ndani.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira ndi manja pamene mawu anakanika. Ndikuthokoza mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankaperekeza mwanayu kuchipatala ndi kumuphikira. Ndikuthokoza omasulira anzawo a zilankhulo zina, amene anayendetsa mapepala onse kuti thupi lifike kuno, komanso munthu wa kukampani uja, amene atamva chimene chinachitika anaimbanso kudzapepesa ngakhale sanalakwe. Ndikuthokoza ampingo, oimba, amayi amene ali kumoto, achinyamata amene akonza kumanda, ndi inu nonse amene mwatifungatira pamene sitikuyenera.

Achemwali, a Mafunso athu, moyo wanu wonse munathandiza anthu kuti amvane, ndipo tsiku limene munafuna kumveka ife tinali otanganidwa. Munatikhulupirira mpaka mawu anu omaliza. Funso lija layankhidwa tsopano, ndipo mwana wamva. Mzimu wanu uuse mumtendere.