A Overton Akupita Kwawo, a Lawrence Akutsala

Malemu a Overton Kamphinda anabadwa pa 14 Malichi 1986 m'mudzi wa Kanyenga, m'boma la Mchinji, kwa bambo Kamphinda, amene anatsogola kale, ndi mayi Agness, mlongo wanga. Ine ndine Wilfred Chikaonda, malume awo, ndipo ndimagwira ntchito ya unamwino ku Middlesbrough. Abusa, anamfedwa anzanga, ndi inu akumudzi amene mukutimvera pafoni, mundipirire. Mbiri za maliro ndawerengapo zingapo, koma iyi yandizunguza mutu. Akuluakulu akwathu andiuza kuti ndikafika pa nkhani ya banja ndingoti malemu sanakwatire, ndipitirire. Koma pampando wakutsogolo apa pakhala a Lawrence Mkwapatira, ndipo ndaimirira ndisanadziwe chimene nditi ndinene za iwo.

Sukulu anayamba mu 1992 kumudzi konko, ndipo mu 2000 anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Patchuthi sankabwera okha. Ankabwera ndi anzawo opanda kopita, mpaka mlongo wanga ankadandaula kuti anatumiza mwana mmodzi kusukulu koma mabulangeti akugawira mudzi wonse. Mu 2005 anapita ku yunivesite ku Zomba. Mu 2011 anabwera kuno ku Salford kudzachita digiri yachiwiri, ndipo ndinakawalandira ine ku bwalo la ndege ndi jekete imene inawafika m'mawondo. Mu 2013 analembedwa ntchito ku Manchester, mu ofesi yoona za ana ndi mabanja.

Mu 2014 anadziwana ndi a Lawrence, Mmalawi mnzathu wa ku Blantyre, amene anathawa kwathu atamenyedwa chifukwa cha mmene alili, napatsidwa chilolezo chokhala kuno ngati othawa kwawo. Zimenezi ndazimva chaka chino. Ine ndinkadziwa kuti ndi mnzawo wokhala naye nyumba basi, poti lendi ya kuno tonse timaidziwa. Monga malume, ndinaona kuti zaka zikupita. Tsiku lina ndinakwera sitima ndi namwino wina wa kuntchito kwanga, mtsikana wabwino, wopemphera, kudzamuonetsa kwa mphwanga. A Lawrence anatiphikira nkhuku ndi mpunga, anatithirira tiyi, anatiperekezanso mpaka pokwerera. Pobwerera mtsikanayo anangondiuza kuti ndikapimitsenso magalasi anga. Ndinapitadi kukapimitsa.

Mu 2016 malemu ndi a Lawrence anayambitsa gulu lotchedwa Khonde, limene limakumana Loweruka m'kaholo kena kuno ku Salford. Ndi gulu la amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo, ndi ena amene mayina awo ndikuwaphunzira kumene. Mawu amene timawatchulira kwathu ndi achipongwe, ndipo sindiwatchula m'nyumba ya Mulungu. Malemu ankawaperekeza anthuwa kwa maloya ndi kukhothi, ankawapezera pogona ndi zovala za m'nyengo yozizira, ndipo ankaimirira pamisonkhano kuwalankhulira. Koma ntchito imene ankaikonda kwambiri inali yoimbira foni makolo. Pasiwa ndinacheza ndi mayi Nalishebo, a ku Zambia, amene akhala kumbuyoko. Anandiuza kuti anathamangitsa mwana wawo wamkazi, ndipo a Overton sanaleke kuwaimbira, ngakhale ankawadulira foni, mpaka tsiku limene anatopa nabwera ku Khonde. Ndinawafunsa ngati tsopano akumvetsa. Anati zonse ayi, koma mwana wawo amadya kunyumba kwawo Lamulungu lililonse.

Tsopano tafika povuta paja. Pa 21 Julayi 2018, a Overton ndi a Lawrence anakwatirana ku ofesi ya boma ku Manchester, monga mwa malamulo a dziko lino. Mboni anali Tiya, mlongo wa malemu. Nditamva, funso loyamba limene linatuluka pakamwa panga linali lakuti nkhoswe anali ndani. Tiya anandiyankha kuti nkhoswe ndikanakhala ine, koma anaopa kundiuza. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati chikundipweteka ndi ukwatiwo kapena kuti sanandiitane. Kwathu ukwati wopanda ankhoswe sitiuwerenga. Ku tchalitchi ndinaphunzitsidwa zina. Ndikanama nditati zonsezi zalongosoka m'mutu mwanga.

Mu Seputembala 2023 malemu anapezeka ndi khansa ya m'matumbo. Anachitidwa opaleshoni, analandira mankhwala, anapezako bwino, nabwereranso ku Khonde. Chakumapeto kwa chaka chatha matenda anayambiranso, ndipo apa ndi pamene anandiitana. Ine zambiri sindidziwa, koma pabedi la wodwala ndakhalapo zaka zambiri. Alendo amabwera ndi maluwa ndi zipatso, amapemphera, amapita. Pamatsala mmodzi wosambitsa, wotembenuza, wopukuta masanzi, wodziwa kuti akatsinzina chonchi ndiye kuti ululu wabwera. M'wodi mwathu munthu ameneyo sitimufunsa kuti ndinu ndani. Kwa a Overton munthu ameneyo anali a Lawrence. Malemu anatisiya pa 9 Febuluwale 2025, ali ndi zaka 38.

Nditamuimbira mlongo wanga, sanafunse zambiri. Anangofunsa kuti anamutseka maso mwana wake ndani. Ndinamuuza zoona. Kenako anati ndimuthokozere munthuyo.

Panatsala nkhani ya thupi. Mwa malamulo a kuno, wonena koikidwa malemu ndi a Lawrence, osati ine, osati mayi awo. Ife achibale tinapita kunyumba kwawo titakonzekera mkangano, mawu titawanola kale m'galimoto. Tisanakhale n'komwe pansi, a Lawrence anati a Overton apite kwa mayi awo, akagone pafupi ndi bambo awo. Mudziwe kuti munthu wothawa kwawo sangabwerere kudziko limene anathawa. Mawa bokosi likukwera ndege, iwo akathera pa bwalo la ndege. Manda a mnzawo mwina sadzawaona.

Ndiye akuluakulu akwathu, mwandituma kuti ndinene kuti sanakwatire. Ndayesa, lilime likukana. Munthu watipatsa mwana wathu yense, ife timumane dzina lokha? Mukandidzudzule ndikafika. Abusa, mafunso anga ndi ambiri, ndidzabwera nawo tsiku lina.

Malemu asiya amuna awo, a Lawrence Mkwapatira. Asiya mayi awo, mayi Agness Kamphinda, mlongo wawo Tiya, mng'ono wawo Pempho amene ali ku Mchinji, ndi ife amalume ndi azakhali. Asiyanso a ku Khonde, amene adzaza mbali yonse iyi, ena mwa iwo akulira ngati ana amasiye.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa potitsegulira tchalitchi chino pamene akanatha kukana, Amalawi a ku Manchester, Salford ndi Middlesbrough amene mwatigwira dzanja, ndi makolo a ku Khonde amene mwatiphikira sabata yonse. Ena a ife tinali tisanakhalepo m'chipinda chimodzi, ndipo tikuyang'anizanabe mwachilendo, koma mwabwera.

A Lawrence, chipepeso cha banja lathu chikupita kwa inu. Kumanda ku Kanyenga, dothi loyamba ndikaponya ine m'malo mwanu, ndipo ndikanena mokweza kuti ndi lanu.

A Overton, mphwanga, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.