Mdzukulu wanga anaphunzira kompyuta pa katoni

Inu otiwerengera pa wailesi, ine ndine mayi wokalamba wa ku Dambwa North, kuno ku Livingstone. Kulemba sindidziwa, akundilembera ndi mnzanga wa kutchalitchi.

Ndikulera mdzukulu wamkazi, mwana wamasiye, wanzeru zedi. Kusukulu kwawo makompyuta anali ochepa, ana ali mbwee, ndiye aphunzitsi anati aliyense ajambule mabatani pa katoni, aziyeserera kunyumba. Chaka chonse zala za mwanayu zinkathamanga pa katoni.

Tsiku la mayeso a Giredi 9 anamukhazika pa kompyuta yeniyeni. Analemba zonse, anzake asanafike n'komwe pakati. Kenaka magetsi anangoti thi! Atayakanso, ntchito yake yonse inali itafufutika.

Anafika pakhomo maso ali psuu. “Ambuya, ba ticha bakamba ati ninafunika kudina batani losungira ntchito. Manje pa katoni palibe chimasowa. Nikanaziba bwanji?”



Zotsatira zitatuluka, malo a Giredi 10 anamuphonya pang'ono pokha. Lero timagulitsa limodzi tomato pamsika. Anzake akamadutsa atavala yunifolomu, amabisala kumbuyo kwanga, chonsecho msinkhu anandipitirira kale.

Aphunzitsi inu, chinthu chodzamuyesa nacho mwana muzimugwiritsako kaye ndi manja ake.