Jekete Yakuda ya Alamu Anga

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1946, ndipo anali achiwiri m'banja la ana atatu. Abale awo a bere limodzi anatsogola kale onse, n'chifukwa chake mbiriyi ndikuwerenga ine, mlamu wawo, mlongo wa malemu akazi awo. Ndikuona kuti mipando yambiri yomwe tinabwereka ilibe anthu. Ndiwerengabe mokweza ngati kuti yadzaza, chifukwa pa zaka zawo zomaliza malemu ankaopa chinthu chimodzi chokha: kupita kumanda popanda woyenda pambuyo pawo, popanda wonena kuti iwo anali ndani.

Anayamba sukulu mu 1954, koma analekera panjira mu 1960 bambo awo atamwalira. Chaka chomwecho anayamba kuphunzira kusoka kwa telala wina yemwe ankakhala pakhonde la sitolo ya nsalu. Ankakonda kunena kuti zaka ziwiri zoyamba makina ankangowaona ndi maso, ntchito yawo inali kusokerera mabatani ndi kusesa tizidutswa. Mu 1966 analembedwa ntchito pafakitale yosoka mayunifomu, ndipo kuyambira pamenepo dzina lawo lenileni linazimirira. Aliyense ankangoti aTelala.

Pa 18 Disembala 1971 anakwatira mlongo wanga. Tsiku lomwe anadzaonekera kwathu anavala jekete yakuda yosoka okha, yamanja aafupi, zigongono zokha ndizo zinabisika. Ife tinaseka mpaka kugwira m'mimba, poti zinali zoonekeratu kuti nsalu inawathera. Iwo anaumirira kuti ndiwo masokedwe atsopano, ndipo mpaka ukalamba sanavomere. Mulungu anawapatsa ana awiri, wamwamuna mu 1973 ndi wamkazi mu 1977.

Fakitale itatsekedwa mu 1994, malemu anabwerera pakhonde lomwe lija ndi makina awo opalasa ndi phazi. Sitoloyo inali tsopano m'manja mwa mwana wa mwini wake woyamba, bambo a nduwira kumutu, a chipembedzo cha Asiki, omwe aima kumbuyo ukowo. Mu 2003 mwana wawo wamwamuna anamwalira pangozi ya pamsewu. Mu 2005 mwana wamkazi anapita kutsidya kwa nyanja kukagwira ntchito ya unamwino. Kenaka pa 2 Malichi 2012 mlongo wanga anawasiya.

Nyumba ya zipinda ziwiri inawakulira. Wailesi ankaisiya ikulankhula tsiku lonse kuti m'nyumba mumveke mawu a munthu. Kuphika anasiya, ati chakudya cha munthu mmodzi chimakakamira pakhosi. Anayamba kuonda, koma poti anali telala ankangochepetsa okha mathalauza awo m'chiuno kuti tisazindikire. Ife anatipusitsa, koma wogulitsa nsalu sungamunamize pa muyeso. Bambo a sitolo aja anaona, ndipo podziwa kuti aTelala sangalole kuitanidwa ngati wopempha, anawauza kuti kukachisi wawo kuli makatani ofunika kupinda m'mphepete, ndipo telala wina aliyense awononga. Malemu ananyamula lumo ndi tepi n'kupita monyadira.

Kwa omwe simudziwa, kukachisi wa Asiki kuli khitchini yomwe amadyetsa aliyense wofika. Safunsa dzina, safunsa mpingo, safunsa chomwe chakubweretsa. Umavula nsapato pakhomo, umafunda kansalu kumutu, n'kukhala pansi pamzere umodzi, mwini sitolo apa, wogona pansi pa mlatho apa. Tsiku loyamba malemu anabwerako akudandaula kuti mawondo awapweteka, ndiponso anthu olemera chonchija bwanji osaika ngakhale kafupa mu ndiwo. M'mawa mwake anapitanso. Makatani anatha sabata yomweyo, koma iwo anapitabe, akutsuka mbale, akusoka tinsalu ta kumutu tija. Thalauza linayamba kuthina. Akulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo ine ndinaziona ndi maso.

Ndinene pano kuti malemu sanasiye mpingo wawo, ndipo palibe Msiki ndi mmodzi yemwe amene anawauza kuti ausiye. Lamulungu lililonse ankakhala pabenchi yawo. Alipo ena omwe ankanong'ona kuti aTelala agulitsa chikhulupiriro ndi mbale ya nyemba. Onong'onawo sanagogodepo pakhomo pawo ngakhale ndi kapu ya tiyi, ndipo lero sindikuwaona muno. Zimenezi zimandiwawa, ndipo sindibisa.

Mu 2014 malemu anadziwa za ntchito ina ya bungwe lachifundo la Asiki. Kunyumba yachisoni ya kuchipatala kumakhala mitembo yomwe palibe wobwera kudzaitenga: otoledwa pamsewu, omwalira m'wodi popanda wowadikirira. Nthawi yodikira abale ikatha, bungweli limagula bokosi, limatumiza galimoto yake yoyera, n'kukaika munthuyo mwaulemu. Malemu anapemphedwa kuti azisoka nsalu zokulungira. Tsiku lina atakapereka nsalu anaona galimoto ikutuluka pachipata, mkati muli dalaivala ndi bokosi basi. Anabwera kwanga nkhope itagwa, tiyi anazizira m'kapu. Anangonena kuti munthu wapita ngati katundu.

Ulendo wotsatira anafika atavala jekete yakuda ija, n'kukhala pampando wakutsogolo pambali pa dalaivala. Atafunsidwa, anayankha kuti iwo ndiwo mbale wa womwalirayo. Kuyambira tsikulo mpandowo unakhala wawo kwa zaka khumi. Adalaivala andiuza kuti kumanda malemu sankalola kuti dothi ligwe mbiri isananenedwe. Dzina panalibe, tsiku lobadwa panalibe, choncho ankanena zomwe zovala za munthuyo zinawauza. Ankati uyu malaya ake ali ndi chigamba chosokedwa pamanja mosamala, ndiye kuti penapake panali womukonda. Uyu thalauza lake latha m'mawondo, ankagwira ntchito chogwada. Mayi uyu anapinda diresi yake kawiri, inali yopatsidwa ndi munthu wamtali. Akatero ankapemphera m'njira yawo, adalaivala m'njira yawonso, okumba manda atavula zipewa.

Koma ntchito imeneyi inakulitsa mantha awo. Nthawi zambiri ankandiuza kuti maliro n'kulirana, nanga iwo omwe akulira anthu oti sangadzabweze, adzawalira ndani? Ankanena moseka, koma maso sankaseka. Ine monga mlamu ndinkawayankha kuti asadandaule, kumene akupitako kuli chikhamu chowadikira, onse ovala nsalu zosoka iwo. Ankandinena kuti pakamwa panga mpoola, komabe funso lija linkabweranso.

Anayamba kudwala mtima mu Novembala 2024. Miyendo inatupa, makina anasiya kupalasa. Pa 3 Febuluwale 2025 anagonekedwa m'chipatala. A bungwe ankasinthana kubweretsa chakudya ndi kukhala pambali pa bedi, mwana wawo akuimba foni tsiku lililonse. Atatsala pang'ono kutisiya anandipatsa mawu awiri. Oyamba, mbiri yawo idzawerengedwe ngakhale omvera atakhala atatu. Achiwiri, tisadzawaike ndi jekete yakuda ija, chifukwa kumanda kulibe wofuna jekete, koma mpando wakutsogolo uja ukuifuna. Ndinatsutsa, poti ndi jekete yomwe anatengera mlongo wanga, koma aTelala akanena anena. Anamwalira m'mawa wa pa 20 Febuluwale 2025, ine ndi adalaivala tili pomwepo.

Malemu asiya mwana mmodzi wamkazi, yemwe walephera kubwera chifukwa cha mapepala a ulendo ndipo akumvera pafoni yomwe agwira mayi oyandikana nawo nyumbawa. Mwanangu, usadziimbe mlandu, bambo ako ankakunyadira. Asiya zidzukulu zitatu, ziwiri mwa izo anangoziona pafoni. Asiya apongozi awo, mkazi wa malemu mwana wawo, omwe akhala kutsogolo kuno. Asiyanso ine, nkhalamba yopanda womuseka.

M'malo mwa banja ndithokoze anamwino a m'wodi ya abambo, abusa ndi amayi oimba omwe afika, komanso oyandikana nawo nyumba omwe asesa ndi kutunga madzi. Ndithokoze mwapadera abale athu a bungwe la Asiki, omwe agula bokosi, aphika chakudya chomwe tidye tikabwerako, ndipo aima kumbuyo chiyambire m'mawa, ati mipando ndi ya achibale. Abambo ndi amayi inu, chonde sunthirani kuno mukhale pansi. Achibale omwe tinabwerekera mipandoyi ndinu.

Galimoto yoyera ija ili panja, ndipo lero kwa nthawi yoyamba aTelala akwera kumbuyo. M'mawa uno adalaivala andinong'oneza kuti kunyumba yachisoni kuli munthu wina wosowa abale, woti akaikidwe Lachinayi. Ena mwakhala mukundiyang'ana modabwa chiimirire pano, ndipo ndaona ena mukubisa kuseka. Sekani, inenso ndinaiseka mu 1971. Jekete ndavalayi ndi yomweyo, ndipo pa ine manja ake afupikiratu, mabatani akukana kukumana. Kuwerenga zovala sindidziwa, singano sindinaigwirepo, ndipo kwanganso ndikabwerera ndi wailesi yokha yomwe imandilonjera. Koma kuima pamanda ndi kunena kuti uyu ndi mbale wanga, zimenezo ndingathe. Adalaivala, Lachinayi mudzandipeze pachipata.

Alamu, mbiri yanu yawerengedwa, ndipo omvera apitirira atatu. Tayang'anani mipando ija, yadzaza. Nyamukani, ife tili pambuyo panu. Mukampatse moni mlongo wanga, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.